Masekondi Khumi ndi Anayi a Mayi Ragnfrid

Tepi ija inali ya masekondi 52. Anaijambula pa 9 Julaye 1974 mphunzitsi wina amene ankayendayenda m'misasa yodyetserako ng'ombe m'chilimwe ya kumapiri a ku Valdres kutolera nyimbo zakale. Munali mawu a munthu mmodzi yekha, mayi Ragnfrid, ataimirira pamwala wa kutsogolo kwa msasa wawo, akuitana ng'ombe madzulo. Masekondi 38 oyamba anali oitanira: mawu aatali, okwera kwambiri, opanda chiganizo, otha kuwoloka dambo n'kukagunda thanthwe. Masekondi 14 otsiriza anali otsekera. Mayi aliyense wa kumsasa anali ndi kaitanidwe kake ndi katsekedwe kake. Mawu otsekerawo ankauza aliyense amene ali kutchire kuti ng'ombe zonse zalowa, abwereko.

Mayi Ragnfrid anamwalira mu Malichi 1991. Mwana wawo Hallvard anadula tepiyo ndi lezala Lachinayi pa 3 Seputembala 1998, patebulo la m'khichini mwanga, ine ndikuona. Dzina langa ndi Jorunn. M'gulu lathu loimba tinalimo atatu: Hallvard pagitala ndi kukuwa, Eilif pang'oma, ine pagitala ya besi komanso pamakina ojambulira. Tinkaimba nyimbo zaphokoso zotchedwa black metal, koma za mtundu wosathamanga: gitala kulira ngati matalala padenga kwa mphindi khumi, ng'oma zili pansi pake, mawu a Hallvard akumveka ngati munthu wokuwa kutsidya la mtsinje, kenako zonse zii, n'kutsala chitoliro chokha kapena lipenga la nyanga ya mbuzi. Situdiyo sitinkaifuna. Tinkafuna mphepo, kusokosera kwa tepi yakale, ndi mawu a malo enieni.

"Tamvera apa," anatero Hallvard tsikulo, akubweza tepi ndi chala. "Koyambaku ndiye kumene ndikufuna. Munthu akuitana, palibe woyankha. Koma pomaliza apa, wamva? Akuchita ngati akuseka. M'nyimbo yathu mulibe malo a munthu wosangalala."

"Ndi amayi ako amenewa."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikudziwanso podula."

"Tiyambe taikopera kwina."

"Makina ako enawo ndi akufa."

"Ndikonzetsa Lolemba."

"Lolemba n'kutali, iwe."

Anadula. Mapeto a chigawo choitanira anawalumikiza ndi chiyambi chake, tepi n'kukhala mkombero wa mamita 7 wozungulira osafika pothera. Kachidutswa kotsalako, ka mamita 2.7, anakakulunga kuchala n'kukaponya m'bini pamodzi ndi makoko a mbatata. Zinyalala anazitenga Lachisanu m'mawa. Tepi ina ya mawu amenewo sitinali nayo. Ndikanatha kumugwira dzanja, koma sindinatero.

Cholinga chinali kupita kumsasa komweko, kukaika masipika pamwala womwewo, kuti mawu a mayi Ragnfrid akagundenso thanthwe lawo ife tikuimba pamwamba pake. Tinasankha Loweruka pa 17 Okutobala.

Vuto linali bambo ake a Hallvard, a Gudmund. Anali ndi zaka 77 ndipo anali atayamba kuiwalaiwala. Chaka chimenecho anali atasowa kawiri: pa 2 Meyi anapezeka pamalo okwerera basi atavala masilipasi, ndipo pa 20 Ogasiti anapezeka m'mphepete mwa mtsinje madzi ali m'maondo. Dokotala ananena kuti asamasiyidwe okha ngakhale ola limodzi. Mayi amene ankawayang'anira Loweruka lililonse anadwala chimfine sabata imeneyo. Hallvard anakana kusintha tsiku, chifukwa chipale chofewa chinali pafupi kutseka msewu. Choncho tinawatenga, atakhala kutsogolo kwa galimoto ya Eilif, chipewa chili pamaondo.

Tinafika nthawi ya 11:40 m'mawa. Kunali madigiri awiri, dzuwa lili loyezuka. Misasa yonse ya m'mbali mwa msewu inali yotseka. Anthu anali atatsitsa ziweto zawo pakati pa Seputembala monga mwa chaka chilichonse. Msasa wa a Gudmund unali kumapeto kwenikweni: kanyumba kamitengo, khola, mpanda wamiyala wokhala ndi chipata chimodzi, ndipo kunja kwa mpandawo dambo lalikulu la maenje a madzi akuda ophimbika ndi ndele, momwe ng'ombe yathunthu imatha kumira. Ng'ombe zawo zomaliza anagulitsa mu 1986.

Hallvard anatulutsa kiyi, koma a Gudmund anamukankhira pambali. Anagogoda pachitseko katatu n'kudikira.

"Odi, eni nyumba," anatero. "Tabwera kudzabwereka malo mpaka madzulo. Sitigona."

"Mukuodira ndani, madala?" anafunsa Eilif, atanyamula ng'oma yaikulu pamimba.

"Tsiku lotsika linadutsa. Pano si pathu mpaka chilimwe. Pali eni ake."

"A pansi pa nthaka a m'nthano aja? Kodi ali ndi ana aakazi? Ine ndikadali ndekha."

"Ali nawo, okongola. Koma uyambe wayang'ana kumbuyo. Ali ndi mchira."

"Mchira si vuto, madala. Wanga wakale uja anali ndi nyanga."

A Gudmund anaseka mpaka kutsokomola. Kumunsi ankaiwala kumene kuli bafa m'nyumba mwawo, koma kuno ankadziwa msomali uliwonse. Anayatsa mbaula ndi machesi amodzi, anapeza ketulo, anatiuza kuti thabwa lachitatu la m'khola ndi lowola. Linalidi lowola.

"Amako ali kuti?" a Gudmund anafunsa Hallvard tikudya buledi wouma ndi tchizi.

"Atsikira kumunsi, bambo."

Hallvard ankayankha choncho nthawi zonse. Kuwauza zoona kunali kuwachititsa maliro atsopano tsiku lililonse.

Ine ndinatuluka kukayeza malo. Ndinaimirira pamwala wa mayi Ragnfrid n'kuwomba m'manja kamodzi. Mawu anabwerera kuchokera kuthanthwe patatha masekondi 1.9. Ndinayeza katatu ndi wotchi, ndipo katatu konse zinafanana. Masipika awiri tinawaika pamwalapo, atayang'ana kudambo. Jenereta tinaibisa kuseri kwa khola n'kuitchinga ndi mabulangete. Ng'oma, gitala ndi makina a tepi ija tinaziika m'kholamo, mkombero wa tepi ukuzungulira m'mabotolo asanu amene ndinandandalika pansi. Mayikolofoni awiri ndinakawaimika m'mphepete mwa dambo, kumanzere ndi kumanja, n'kuwalumikiza ku kamakina kojambulira ka batire.

Cha m'ma 1:30 Hallvard ndi Eilif anadzipaka kumaso, zoyera ndi zakuda, kuti ndiwajambule zithunzi za pachikuto cha chimbale. A Gudmund anawayang'ana kwa nthawi.

"Maliro ndi a ndani?"

"Ndi za zithunzi chabe, bambo."

"Amako akakuona choncho akusambitsa ndi burashi ya ng'ombe."

Tinawakhazika pampando pafupi ndi mbaula, khofi ali m'manja, n'kutseka chitseko. Kuchokera pakawindo ka m'khola ndinkachiona chitsekocho, pamtunda wa mamita 30. Tinagwirizana kuti ine ndizichiyang'ana.

Tinayamba nthawi ya 2:05. Mawu a mayi Ragnfrid anatuluka m'masipika, anawoloka dambo, anabwerera, ndipo asanathe kubwerera ena anali atanyamuka kale. Sindinamvepo chinthu chotero. Hallvard analowetsa gitala pang'onopang'ono, Eilif anatsatira. Ine ndinali nditavala zomvera za m'makutu, ndikumvera mayikolofoni a kudambo ndi kulemba nthawi m'kope.

Nthawi ya 2:19 chifunga chinatsika kuchokera kuthanthwe. Sichinabwere ndi mphepo. Chinangotsetsereka n'kudzaza dambo, kenako mpanda, kenako bwalo, mpaka pakawindo panangoti mbuu. Ndinasangalala, chifukwa chifunga chimafewetsa mawu. Chitseko cha kanyumba sindinkachionanso, ndipo zimenezo sindinaziganizire.

Nthawi ya 2:23 ndinamva belu kumayikolofoni ya kumanzere. Linalira kawiri, motsika, ngati la chiweto choyenda mosafulumira. Ndinalemba kuti: nkhosa yotsalira. Nthawi ya 2:30 mabelu anali atatu, osiyana mawu. Ndinafufuta mawu oti nkhosa, chifukwa belu la nkhosa silikhala lolemera choncho, koma sindinalembepo china.

Tinasiya nthawi ya 2:41. Tepi inali itazungulira maulendo 56.

"Iyi ndiye nyimbo, aise!" anakuwa Eilif, thukuta litasungunula zopaka zija. "Tikaitulutsa imeneyi, oimba a ku Bergen aja akagulitsa magitala awo!"

Hallvard ankamwetulira, zomwe sankachita kawirikawiri. Anapita kukaona bambo ake. Patapita kanthawi ndinamva akuitana dzina langa ndi mawu amene sindinkawadziwa.

Chitseko chinali chotsegula. Khofi anali patebulo, atazizira. Jekete la a Gudmund linali pamsomali ndi chipewa chomwe. Chimene chinasowa ndi nsapato zamphira zakale zimene zinali kuseri kwa chitseko, ndodo, ndi kathumba kachikopa kamene kanapachikidwa pakhoma.

"Munali chiyani m'kathumbamo?" ndinafunsa.

"Mchere wa ng'ombe." Hallvard anakhala pansi pakhomo. "Apita kukazungulira."

"Kukazungulira chiyani?" anatero Eilif.

"Amayi ankaimirira pamwala n'kuitana. Bambo ankazungulira kuseri kwa dambo kukakusa zotsalira, chifukwa ng'ombe zina n'zamakani, sizibwera ndi kuitana kokha. Ndiye sankabwerera ayi mpaka atamva amayi akutseka. Mu 1979 ng'ombe imodzi inasowa, amayi sanatseke. Bambo anakhala kutchire masiku awiri."

"Basi, si nkhani," anatero Eilif. "Ikani kotsekerako, madala abwere adzamalize khofi." Anatiyang'ana tonse awiri. "Jorunn, uli nako, eti?"

"Kanapita ndi zinyalala pa 4 Seputembala."

Tinanyamuka tonse atatu kukawafunafuna.

Tinayenda m'mbali mwa mpanda tikukuwa. Kupitirira chipata sitinkaona ngakhale mamita asanu. Eilif anayesa kulowa m'dambo ndipo pa sitepe yachisanu ndi chimodzi anamira mpaka m'chiuno. Tinamukoka ndi lamba wa gitala. Hallvard ankakuwa kuti "Bambo! Bambo!" ndipo thanthwe linkamubwezera mawu ake okhaokha, osasa, a munthu amene wakhala akukuwa m'nyimbo zaka khumi ndi chimodzi. Ngakhale a Gudmund akanamva, sakanawadziwa. Tsiku limenelo mwana wawo anali wa zaka khumi m'mutu mwawo.

Foni yapafupi inali pafamu ya kumunsi, ulendo wa mphindi 50 pagalimoto. Eilif ananyamuka nthawi ya 3:05. Ndinawerengera: opulumutsa anthu sakanafika isanakwane 5:30, dzuwa linkalowa cha m'ma 6, ndipo a Gudmund anali ndi juzi yokha pathupi, pa madigiri awiri, m'dambo.

"Tiyatsenso tepi," anatero Hallvard. "Asochera m'chifungamu. Akamva mawu adziwa kolowera."

Ndinakayikira, koma ndinalibe nzeru ina. Tinayatsa nthawi ya 3:20, ine n'kuvala zomvera zija. Nthawi ya 3:21 ndinawamva: "Hoo! Hoo, iwe!", kukuwa kwa munthu wokusa ng'ombe, kumanzere, osati patali kwambiri. Mabelu analiponso, ambiri kuposa poyamba. Nthawi ya 3:23 anakuwanso, koma chapatali. Nthawi ya 3:24 mawu awo anali ngati ulusi, cha kuthanthwe kumene maenje ndi akuya. Ndinathamanga kukazimitsa jenereta.

"Wazimitsiranji?"

"Sanasochere, Hallvard. Akugwira ntchito. Amayi ako akamaitanabe, ndiye kuti ina ikadali kunja. Tikuwakankhira kutali."

Jenereta itazima kunangoti zii. M'madenga munkadontha madzi. Hallvard anaima pabwalo, nkhope yake yoyera ndi yakuda itachita mizeremizere.

"Kotsekerako uimbe ndiwe," ndinatero.

"Ine? Ndi mmero uno?"

"Ine ndinakamva katatu kokha, tsiku lija. Iwe unakamva madzulo aliwonse a chilimwe kwa zaka 17."

"Ndi mawu a mkazi, Jorunn. Ali kumwamba uko. Ine chiyambire 1987 sindinaimbepo ngati munthu."

"Palibe wina pano."

Nthawi ya 3:35 tepi ya kamakina ka batire inatha, ndipo ndinaikamo ina. Sindinaganize chifukwa chake. Manja anangochita zimene anazolowera. N'chifukwa chake zimene zinatsatira zinajambulidwa.

Hallvard anakankhira masipika pambali n'kukwera pamwala. Anayesa koyamba nthawi ya 3:48. Chimene chinatuluka ndi kukuwa kwake kwa m'nyimbo, kong'ambika, ndipo thanthwe linakubweza monga kunalili. Mabelu, amene tsopano ndinkawamva ndi makutu okha popanda zomvera, anasiya kulira onse pamodzi. Sanachepe pang'onopang'ono. Anangoti duu, ngati ziweto zatukula mitu.

"Wamva zimenezo?" anafunsa chapansipansi.

"Ndamva. Yesanso."

Ndinamupatsa khofi wofunda wa m'fulasiki. Anayesanso nthawi ya 3:57. Anayambira pansi kwambiri, ndipo atafika pokhotera nyimbo anasokonezeka n'kusiya. Anatukwana, anakhala pamwalapo, mutu uli m'manja. Ndinamusiya. Chifunga chinali chitayamba kuda, ndipo timadontho take tinali titayamba kuundana.

"Amayi ankagwira khutu," anatero patapita nthawi. "Lakumanzere. Dzanja linali m'chiuno. Ndipo ankayamba ndi kupuma kawiri, ngati munthu wofuna kuyetsemula. Ine ndinkawaseka."

Anaimirira. Anapukuta kumaso ndi mkono wa juzi mpaka khungu kufiira. Anagwira khutu lakumanzere, dzanja lina m'chiuno, napuma kawiri. Inali 4:09.

Mawu amene anatuluka anali aang'ono, apamwamba, onjenjemera, ngati a mwana. Koma inali nyimbo yomweyo. Ndinaizindikira: kukwera katatu, kenako kugwa pang'ono, malo aja amene iye anati akumveka ngati kuseka. Anafika pamenepo mawu n'kuduka. Anayesa kupitiriza, koma panangotuluka mpweya. Anagwira pakhosi n'kuwerama.

Thanthwe linabweza zimene anaimba. Kenako, kuchokera kutsidya kwa dambo, munthu wina anapitiriza pomwe iye anasiyira. Anali mawu a mkazi, amphamvu, osafulumira. Anatsika, anakweranso, anazungulira kawiri n'kuthera pa liwu lalitali limene linatha lokha, osadulidwa. Ndinayang'ana kukhola: jenereta inali yozima, tepi ili duu m'mabotolo ake. Hallvard anali chiweramire, maso ali kudambo.

Mabelu anayambanso, ndipo ulendo uno ankabwera.

Tinaima pachipata kwa mphindi 25. Mabeluwo ankayandikira mosathamanga, ena kumanzere, ena kutsogolo. Nthawi ya 4:34 a Gudmund anatulukira m'chifunga, ndodo ili m'dzanja lamanja, mikono itatambasuka ngati mmene amachitira munthu woyenda kumbuyo kwa ziweto. Patsogolo pawo panalibe chilichonse chimene ine ndinachiona. Udzu wa pachipata sunagwedezeke.

"Chokani panjira, ana inu," anatero. "Tsegulani bwino."

Hallvard anakoka chipata mpaka kumapeto. A Gudmund anaima pambali n'kuyamba kuwerenga, akugwetsa dzanja m'malere pa msinkhu wa msana wa ng'ombe. "Dagros. Litago. Lowa, Svarta, usandiyang'ane. Rødlin. Stjerna." Anatchula mayina khumi ndi limodzi. Kenako dzanja linapitiriza kugwa, kasanu ndi kamodzi, popanda dzina.

Hallvard anayamba kukankha chipata kuti atseke.

"Usatseke," anatero a Gudmund. "Zathu ndi khumi ndi imodzi. Zinazi n'za eni ake, zangotsatira. Munthu ukaitana nthawi yaitali choncho, kumabwera ndi za ena zomwe. Zisiyire njira zibwerere."

Tinawalowetsa m'kanyumba. Buluku linali lonyowa mpaka m'ntchafu, milomo itachita bii ndi kuzizira. Ndinawavula nsapato, Hallvard n'kuwafunditsa jekete lawo ndi lake. Kathumba ka mchere kanali kopanda kanthu. Nditawagwira manja kuti ndiwatikite, ndinapeza kuti zikhatho zawo zinali zofunda, zonyowa ndi zinthu zotelera, ndipo zinkanunkha ng'ombe. Kuseri kwa manjawo kunali kozizira ngati mwala.

"Amako atopa lero," anatero a Gudmund, akuyang'ana Hallvard. "Aitana, aitana, osatseka. Ndimati kapena yamira ina. Ndinafika mpaka pansi pa thanthwe."

"Pepani, bambo."

"Ukupepesa chiyani? Wawathandiza. Ndakumva." Anamwa khofi pang'ono. "Koma umayambira pansi. Akuti uzipuma kaye."

Hallvard anatuluka panja. Sindinamutsatire.

Eilif anafika ndi anthu asanu ndi galu nthawi ya 5:32. Galuyo anakana kutsika m'galimoto. Mwini wake anati sanachitepo zotero, mwina ndi fungo la jenereta. Tinalongedza katundu mofulumira, ndipo pochoka a Gudmund anagogodanso pachitseko n'kuthokoza. Eilif, amene anali atamva nkhani yonse m'mawu ochepa, anavula chipewa. Chipata tinachisiya chotsegula.

A Gudmund anagona m'chipatala masiku awiri chifukwa cha chifuwa, n'kutuluka. Anakhala ndi moyo mpaka Febuluwale 2001, ndipo sanasowenso. Za tsiku lija sanazitchulenso, ndipo sitinawafunse.

Tepi ya kudambo ndinaimvera pa 19 Okutobala, ndili ndi wotchi ndi kope. Mawu a Hallvard a nthawi ya 4:09 ndi a masekondi 6. Thanthwe likuwabweza mochedwa ndi masekondi 1.9, monga ndinayezera. Mawu ake atatha pali mpata wa masekondi 2, momwe mukumveka mchira wa mawu obwererawo ndi iye akupuma. Kenako pali masekondi 8 a mawu a mkazi. Thanthwe limabweza zimene lapatsidwa. Silingabweze nyimbo imene sinaimbidwe. Komanso mawu a mkaziwo alibe obwerera awo. Chilichonse pa tepiyo, ngakhale kutsokomola kwanga, thanthwe linachibweza, kupatula iwowo.

Mabelu ndinawawerenga potengera kalilidwe kake. Alipo asanu. Ng'ombe za a Gudmund zinali ndi mabelu awiri okha, ndipo tsiku lomwelo ndinapita kunyumba kwawo kumunsi n'kuwapeza onse awiri ali pamsomali m'chipinda chosungira katundu, fumbi lili mbuu. Ndinawaliza. Awiri mwa asanu aja ndi amenewo. Atatu enawo sindikuwadziwa. Ndinafunsa mafamu onse asanu ndi awiri amene amadyetsa ziweto kuphiri limenelo; onse anati ng'ombe zawo zinatsika pofika pa 20 Seputembala, ndipo palibe inasowa.

Nyimbo ija sitinaitulutse. Eilif anadandaula mwezi wathunthu kuti tataya chinthu chabwino koposa zonse zimene tinapangapo, ndipo sankanama. Gulu linatha chaka chotsatira popanda mkangano.

Loweruka pa 24 Okutobala Hallvard anabwera kwanga ndi mkombero wa tepi uja m'bokosi la nsapato. Mawu ake anali asanabwerere bwino, ankalankhula monong'ona. Makina anga achiwiri anali atakonzedwa.

"Ukopere ka kudambo kaja," anatero. "Kuyambira pomwe ndikuyamba mpaka pomwe akumaliza. Ndiye udule mkomberowu, ulumikize kumapeto."

"Mpata wa pakatiwo ndichotse? Zikhala 14 ndendende, ngati kale."

"Usachotse kalikonse."

Ndinakopera, ndinadula polumikizira paja, ndinamata. Lezala anandipatsa ine, iye sanaigwire. Tinamvera kamodzi, motsitsa, mawindo ali otseka, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tepiyo ili kwa ine, chifukwa Hallvard sanafune kuisunga. Tsopano ndi ya masekondi 54. Ndimaimvera mwina kamodzi pachaka kuti ndione ngati sinawonongeke, ndipo ndikaiyamba sindiimitsa pakati, ngakhale foni ilire kapena wina agogode pachitseko.